Nyengo Imene Kapitawo Anasiya Kudya

Chimene ndimayamba kukumbukira ndi chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chodulidwa pakati. Bambo anachidula ndi mpeni wootcha pamoto, ndiye m'mphepete mwake munatsala mopindikapindika, mwakuda. Chinkakhala kuseri kwa khitchini, pansi pa mpapaya, ndipo chinali mbale ya galu wathu. Ntchito yochitsuka inali yanga, ngakhale kuti inali ntchito yongonamizira, poti galuyo ankachinyambita mpaka kuwala. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, mpunga utangoyamba kutulutsa ngala kudambo, ndinayamba kupezamo chakudya chadzulo chili chomwecho, nyerere zitachizinga.

Galuyo dzina lake anali Kapitawo. Bambo anagwirapo ntchito pa esiteti ina ya fodya, ndipo ankati galuyu amayenda ngati kapitawo wa kumeneko, kuzungulira anthu akamalima iye osagwira kanthu. Anali galu wachikuda, wofiirira, wa khutu limodzi logwa. Amayi ankati anabwera pakhomo ine ndikukwawa, choncho pamene ine ndinali kamtsikana, iye anali atayamba imvi kukamwa. Bambo anapita ku Joni ine ndili mu Sitandade 2. Poyamba ankaimba foni, kenako mafoni anayamba kutalikirana, kenako kunangoti zii. Amayi sankawatchula. Koma mlendo akafunsa ngati sitiopa kugona awiriwiri pakhomo, iwo ankaloza galu atagona pakhonde n'kunena kuti, "Abambo apakhomo ndi awo."

Nyumba yoyandikana nafe inali ya Asilamu. Mayi a pakhomopo tonse tinkangowatcha Abiti, ndipo anali mnzawo wa amayi kuyambira ine ndisanabadwe. Ife tinkapemphera Lamulungu, iwo Lachisanu, ndipo sindikumbuka kuti zimenezi zinavutitsapo munthu. Minda yathu ya mpunga inali yogundizana kumunsi kwa mtsinje wa Domasi. Amayi ndi Abiti ankawokera limodzi, kupalira limodzi, akucheza chowerama, matope ali m'mawondo. Ikafika nyengo ya mbalame, Abiti ankalondera minda yonse iwiri m'mawa, kuti amayi akagulitse mandasi kumsewu. Masana tinkalandira ndife, ine ndi mwana wawo wamkazi, mnzanga wa m'kalasi. Tinkamanga zitini pa chingwe chachitali, wina kuno wina uko, n'kumakuwa mpaka mawu kusasa.

Abiti sankamukhudza Kapitawo. Akabwera kwathu ankaima pamalire, pamene panali mtengo wa nsatsi, n'kuitana amayi, amene ankawatcha achemwali, kuti amugwire kaye kapitawo wawoyo. Galuyo akangowanunkhiza chitenje, ankakasintha asanaswali. Koma sankadana naye. Amuna awo ankagulitsa nsomba zouma pa Songani, ndipo mitu ndi zinyenyeswa zotsala pansi pa dengu Abiti ankazikulunga m'pepala n'kumutuma mnzanga uja kudzapatsa galu. Kapitawo ankamudziwa mnzangayo akadali patali.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinadetsa madzi chaka chimenecho. Mvula ili pakati, Kapitawo anapha bakha wa kwa Abiti. Sanachitepo zotere moyo wake wonse, ndipo bakhayo sanamudye, anangomusiya pamsewu. Amuna awo a Abiti anabwera atamugwira miyendo, mutu ukulendewera, n'kunena mokwiya kuti tikapanda kumanga galu wathu iwo adzadziwa chochita naye. Amayi anapepesa, anapereka nkhuku yathazi, ndipo mawa lake azimayi awiriwo anali limodzi kudambo. Ine ndinaona ngati nkhaniyo yafera pomwepo.

Kudwala kwa Kapitawo kunabwera mwakachetechete. Ankafika pa chigubu chija, kununkhiza, kundiyang'ana, n'kubwerera kukagona. Akadya pang'ono, sipankatenga nthawi, ankapita kuseri kwa nkhokwe n'kusanza thovu lachikasu. Ankadya udzu ngati mbuzi. Amayi anayamba ndi zimene aliyense amayambira: makala osinja osungunula m'madzi, dzira laliwisi, mkaka. Kenako anagula mapiritsi a njoka zam'mimba pa Songani, tinamutsegula kukamwa awiri, iye akungotiyang'ana osalimbana nafe. Anakhalako bwino pang'ono, mpaka anandiperekeza kudambo tsiku lina n'kuuwa mbalame kawiri katatu, ine ndinasangalala. Posakhalitsa zinayambiranso. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Ubweya wake, umene unkanyezimira akachoka m'madzi, unauma ngati udzu wa m'chilimwe, ndipo ukamusisita unkatsalira m'manja.

Kenako anayamba kuchita chinthu chimene sindinaonepo galu akuchita. Ankatambasula miyendo yakutsogolo, chifuwa ndi chibwano n'kugunda pansi, mbuyo ili m'mwamba, n'kukhala choncho nthawi yaitali akupuma mobanika. Ukamuitana ankangotembenuza maso. Panopa ndimagulitsa mankhwala a ziweto mu shopu ina mu Zomba, ndipo ndimadziwa kuti galu amatero m'mimba mukamamupweteka koopsa, amafunafuna kakhalidwe koti ululu upepukeko. Nthawi imeneyo panalibe wodziwa zimenezi pakhomo pathu. Tinkangoona galu wagwada.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala ku Naisi ndipo ankapalasa kabaza. Ndiyenera kunena zoona za iwo, chifukwa n'kosavuta kuwaipitsa m'nkhani ngati ino. Chichokereni bambo, amalume ndi amene ankatifolerera nyumba, kutinyamulira mpunga kupita nawo kuchigayo, kundigulira yunifolomu ikang'ambika. Anali munthu wa mawu aakulu ndi mtima wapachala, koma ankatikonda. Atabwera Loweruka lina n'kumuona Kapitawo, anafunsa kuti galuyu amadya za kwa ndani kupatula zapakhomo. Ine ndinayankha mosaganiza kanthu kuti amadya mitu ya nsomba ya kwa Abiti. Amayi anawonjezera nkhani ya bakha, mwina pongofuna kucheza. Amalume anawomba m'manja kamodzi. Anati nkhani ndi yomweyo, galuyu akudyetsedwa, kaya ndi poizoni uja wa tameki wopatsidwa pang'onopang'ono, kaya ndi magalasi osinja, koma akudyetsedwa.

Amayi anakana. Anati Abiti amawadziwa ngati chikhatho chawo. Amalume anati sakunena Abiti okha, pakhomopo pali mwamuna, ndipo mwamunayo ananena yekha pakamwa pake kuti adzadziwa chochita. Anapitiriza kuti munthu akafuna kukubera amayamba wachotsa galu, ndipo pakhomo pali mkazi ndi mwana basi, mpunga watsala pang'ono kulowa m'nyumba. Ndinaona nkhope ya amayi ikusintha pa mawu amenewo. Sanavomere, koma sanakanenso.

Madzulo a tsiku lomwelo mnzanga uja anabwera ndi kapepala kake ka mitu ya nsomba. Amalume anamulandira pamalire, anatenga kapepalako ndi zala ziwiri, n'kukakaponya m'chimbudzi iye akuona. Sanamukalipire. Anangomuuza kuti akauze amayi ake kuti galu wakhuta. Mnzangayo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana amayi, amayi anali atalowa m'khitchini.

Choipitsitsa chinachitika m'mawa mwake. Amalume anagona kwathu, ndipo anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Amayi anali pambali pawo akusankha nyemba m'lichero. Kapitawo anali pakati pa bwalo, atagwada kugwada kwake kuja. Njira yochokera kumjigo inkadutsa m'mphepete mwa bwalo lathu, ndipo Abiti anatulukira ndi ndowa pamutu. Anapereka moni ngati masiku onse. Amalume sanayankhe moniwo.

"Abiti, taonani ntchito yanu," anatero mokweza, akuloza galu ndi chubu chija. "Mwamudyetsa mpaka wayamba kuswali."

Abiti anaima mwadzidzidzi moti madzi anakhavukira paphewa, n'kunyowetsa mpango wawo. Sanayang'ane amalume, sanayang'anenso galu. Anayang'ana amayi. Ndikukumbuka phokoso la nyemba zikugubuduka m'lichero, chifukwa zala za amayi sizinasiye kusankha. Mutu wawo unali pansi. Abiti anadikira. Sindidziwa kuti anadikira nthawi yaitali bwanji, kwa ine zinali ngati tsiku lathunthu. Kenako anakonza ndowa ndi manja onse awiri n'kumapita, madzi akudontha kumsana.

Kuyambira tsiku limenelo Abiti anayamba kuzungulira njira yakumtunda popita kumjigo. Kudambo ankalondera munda wawo wokha. Sanadule chingwe chathu cha zitini, anangomasula mbali yawo n'kuikulunga bwinobwino pamzere wa malire. Amayi sakanasiya mandasi, poti ndiwo ankatigulira mchere ndi sopo, choncho m'mawa wolondera mbalame ndinakhala ine, sukulu n'kuima. Kunkazizira. Chifunga chinkatsika kuphiri n'kukhala pamwamba pa mpunga, mame akunyowetsa diresi mpaka m'chiuno. Mpheta zinkabwera ngati utsi, ukazithamangitsa uku zatera uko. Masana mnzanga ankabwera kudzalandira amayi ake atavala yunifolomu, n'kukhala pa chulu cha kumunda kwawo atandifulatira. Ndinkamva mawu ake akukuwa mbalame, iyenso ankamva anga. Tsiku lina ndinamuitana dzina. Anakuwa mbalame mwamphamvu, pamene panalibe mbalame.

Aphunzitsi athu anali bambo wamtali, woonda, amene ankaweta mbuzi kuseri kwa nyumba ya sukulu. Ataona kuti ndasowa m'kalasi, anabwera kwathu pa njinga kudzafunsa. Amayi anafotokoza za mbalame, osatchula za mkangano. Ali mkati molankhula, Kapitawo anatuluka pansi pa nkhokwe akudzandira, ndipo aphunzitsi anadzuka pampando n'kubwerera m'mbuyo. Anafunsa ngati galuyu analandira katemera wa chiwewe. Anati pakhomo pano pamadutsa ana, galu wodwala chonchi sangangosiyidwa. Analonjeza kuti auza alangizi a ziweto, amene ankabwera kudzaona mbuzi zawo, kuti adzatulukire kuno. Za sukulu anangoti mpunga ukakololedwa ndidzabwerere, adzandithandiza zimene zandidutsa.

Alangiziwo anabwera pa njinga yamoto, atavala magambuti. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anaika madzi patsogolo pa Kapitawo n'kumuona akumwa, kenako anati ichi si chiwewe. Anamukweza mlomo. Nkhama zake, zimene ndinkazidziwa zofiira, zinali zachikasu. Anamutsegula diso, moyera monse munali mwachikasu, ngakhale m'kati mwa khutu logwa lija. Ine ndinkamuona tsiku ndi tsiku koma sindinazindikire. Atamugoneka cham'mbali n'kumusindikiza pamimba, chakumtunda pafupi ndi nthiti, Kapitawo analira kulira kumene sindinamumvepo, kopyapyala ngati khanda. Anatembenuza mutu ngati aluma, koma anangotsamiritsa mphuno pa dzanja la alangiziwo.

Amalume analipo tsiku limenelo, ndipo anafunsa za tameki ndi magalasi. Alangizi anayankha kuti tameki sachedwa, galu akanafa tsiku lomwelo, ndipo magalasi akanaonekera ndi magazi m'chimbudzi chake. Anati akumva chinthu cholimba m'katimo, koma sanganene motsimikiza kuti n'chiyani, poti alibe chounikira. Ku Blantyre kuli madokotala a agalu amene ali ndi makina, anatero, koma ngakhale mutakafika naye kumeneko... Anasiyira pomwepo osamaliza. Amayi anafunsa ngati pali mankhwala. Iwo anapukusa mutu. Anati chachifundo n'kumugonetsa, koma jakisoni wake analibe.

Alangizi atachoka, amalume anati amutenga okha kupita naye kuphiri ndi chingwe, sachedwa naye, ndipo ine sindiona kanthu. Sanalankhule mwankhanza. Ndikhulupirira kuti nawonso zinkawapweteka kumuona. Amayi anaimirira pakati pa iwo ndi galu.

"Achimwene, galu wa bambo ake a mwanayu sapita kuphiri ndi chingwe."

Inali nthawi yokhayo imene ndinawamva amayi akuwakaniza amalume chinthu pamaso. Amalume anakweza mapewa n'kukwera njinga yawo. Mpaka lero sindidziwa ngati amayi anachita bwino. Kushopu kukabwera munthu ndi nkhani ya galu wokalamba amene akuvutika, ndimamuuza kuti apite naye akamugonetse, asachedwe. Ndimanena mosavuta, poti si galu wanga. Koma ndimakumbuka masiku amene anatsatira, ndipo sanali abwino.

Mimba yake inatupa pamene thupi lonse linali mafupa okhaokha. Amayi, amene kale sankalola galu kuponda pakhomo la khitchini, anamuyalira thumba pafupi ndi mafuwa. Ankamuphikira phala lamadzimadzi n'kumamuthira m'kamwa ndi supuni, iye n'kumeza kuti awasangalatse, kenako n'kubweza. M'khitchini munkanunkha utsi ndi fungo lina lowawasa limene sindinalimvenso kwina kulikonse. M'mawa ndikamanyamuka kupita kudambo ankayesa kudzuka. Tsiku lina anakwanitsa, ananditsatira akugwedezeka mpaka pa nsatsi paja, n'kugona pomwepo. Ndinamunyamula kubwerera naye. Galu amene kale ankandigwetsa akandilumphira ndinamunyamula ndekha, wopepuka ngati mtolo wa mapesi.

Anafa masana, dzuwa lili pamutu, ife titayamba kumweta mpunga. Ndinabwera kudzatenga madzi akumwa ndipo ndinapeza amayi atakhala pakhomo la khitchini, duku lili pamiyendo. Anali atabwerako kale osandiuza. Sanalire mokweza. Ankangoingitsa ntchentche pa thupi la Kapitawo ndi nthambi ya mpapaya, ngati kuti zikanamuvutitsabe.

Amalume atamva anabwera msangamsanga, ndipo anati galuyu sakwiriridwa asanang'ambidwe. Ankafuna magalasi aja aoneke, anthu aone ndi maso awo. Anatuma mwana kukaitana amuna awo a Abiti kuti adzaonerere, koma iwo anabweza mawu akuti alibe nazo ntchito. Aphunzitsi anakatenganso alangizi aja. Anakachitira kuseri, m'nthochi, atayala masamba pansi. Ine anandithamangitsa, koma ndinazungulira n'kukaima pakati pa mitengo ya nthochi, pamene ndinkaona zonse.

Mpeni utangolowa munatuluka madzi ambiri achikasu, n'kuyenderera pamasamba. Amalume anagwira mphuno. Alangizi anatsegula chifu n'kuchitembenuza. Munali udzu ndi timadzi ta phala basi. Anatsegula matumbo, kutsata ndi chala pang'onopang'ono kuti amalume aone, ndipo munalibe galasi ngakhale kamodzi. Kenako anakankhira chifu pambali n'kuloza ndi nsonga ya mpeni. Anati apa ndi pa kapamba, osati kapamba wakuda uja timawotcha tikapha mbuzi, koma winayu wotuwa, wogona m'mbali mwa matumbo, amene amathandiza kugaya chakudya. Pamenepo panali chotupa cholimba, choyererako, cha mfundomfundo ngati chinangwa chokulira pamiyala. Chinali chitakanikiza njira ya ndulu, ndipo anati n'chifukwa chake maso anasanduka achikasu. Chiwindi chonse chinali ndi timadontho toyera, ngati munthu wawazapo mpunga.

Alangizi anati sangalumbire popanda kupima, koma mmene akuonera iyi ndi khansa, ndipo yafalikira. Aphunzitsi anafunsa kuti ingakhale itayamba liti. Alangiziwo anati chinthu chotere sichikula sabata imodzi, chakhala chikukula mwakachetechete kwa miyezi, galu akuoneka wabwinobwino. Aphunzitsi, amene pofika nthawiyi anali atamva nkhani yonse m'mudzi, anafunsa mosapita m'mbali ngati chinayamba bakha uja asanafe. Alangizi anati n'zotheka ndithu.

"Khansa?" anatero amalume. "Galu n'kudwala khansa ngati munthu?"

Anaseka pang'ono, kuseka kouma. Anati anthu ena amatha kutumiza chilichonse m'mimba mwa chinthu, ngakhale chotupa. Koma mawu awo anali atatsika. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba okha, osalola wina kuwalandira. Anakumba dzenje lakuya kuposa mmene galu amafunikira, mpaka thukuta kunyowetsa malaya. Atakwirira anasamba m'manja n'kunyamuka osadya.

Ndakhala ndikufunsa madokotala a ziweto amene amabwera kushopu za matenda amenewa. Amati sapezekapezeka, amakonda agalu okalamba, ndipo pomadzaonekera amakhala atapita patali. Amati ngakhale agalu a m'mipanda ya m'tauni, opita nawo kuchipatala pa galimoto, kawirikawiri sapulumuka. Ndiye kuti panalibe chimene amayi akanachita, panalibenso amene anachita kanthu. Ndinkayembekeza kuti kumva zimenezi kundipepukitsa mtima. Koma kumangondikumbutsa kuti zonse zimene zinanenedwa pabwalo pathu zinanenedwa pachabe.

Titamaliza kupuntha mpunga, amayi anavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, anatenga paketi ya shuga, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kwa Abiti. Mtunda wake unali woti munthu akhoza kuitana ali pakhonde, koma tinayenda ngati tikupita kutali. Abiti anatilandira. Anayala mkeka pansi pa mango, anatuma mnzanga uja kukatenga thobwa, anafunsa za zokolola. Amayi anafotokoza zonse, za alangizi, za chotupa, za chiwindi. Ananena kuti achimwene awo analakwa, ndipo abwera kudzapepesa m'malo mwawo. Abiti anamvetsera mpaka pamapeto, manja ali pamiyendo. Anati zachisoni, galu uja anali wofatsa, ndipo anamva kulira kwake tsiku limene anabwera alangizi.

Kenako anasalaza mkeka ndi chikhatho.

"Achemwali, zoti ndapha galu sizinandipweteke kwenikweni. Munthu chinthu chako chikamafa umaganiza zambiri. Za kuswali zija zinandipweteka, koma achimwene anu sindinawokere nawo mpunga. Ine ndinaima paja ndikudikira pakamwa panu."

Amayi anayamba kunena kuti achimwene awo ndi munthu wovuta, ndipo iwo pakhomo ali okha. Abiti anawadula mofatsa.

"Ndikudziwa. Ndi amene amakufolererani nyumba."

Analandira shuga uja ndi manja awiri n'kuthokoza. Mnzanga anakhala pafupi nane pamkeka, bondo lake likugunda langa, ndipo anandinong'oneza kuti m'kalasi ayamba masamu ogawa aataliatali, adzandionetsa. Thobwa linali lozizira, lotsekemera, ndipo ndinamwa makapu awiri. Potsanzikana Abiti anatiperekeza mpaka pamalire, monga amachitira ndi mlendo aliyense.

Azimayi awiriwo anapitiriza kupatsana moni zaka zonse, mpaka Abiti anasamukira kwa mwana wawo ku Liwonde. Pamaliro ankathandizana, wina akadwala ankazondana. Koma sanawerame limodzi m'matope kachiwiri, ndipo sindinamvenso kuseka kwawo kuja kochokera kudambo, kumene kunkamveka mpaka kunyumba. Amayi sanapezenso mnzawo wotero. Bambo sanabwere. Amalume anapitiriza kutifolerera nyumba chaka ndi chaka mpaka ine nditayamba ntchito.

Zonsezi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo, pobwerera kwathu, ndinali wosangalala kwa nthawi yoyamba chiyambire mbalame. M'mutu mwanga nkhani inali yophweka: chimene chinapha galu chapezeka, si Abiti, tapepesa, alandira shuga. Amayi ankayenda patsogolo pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo. Ndinawathamangira n'kuwagwira chitenje, n'kuwafunsa ngati basi tsopano zatha.

"Eya," anatero osandiyang'ana. "Zatha."

Ndinawasiya n'kuthamangira kunyumba kukafuna makope anga, ndikudumpha mizere ya mbatata. Ine ndinamva ngati akunena za mkangano.